Osunga Madambo a ku Kambombo

Mpunga wa ku Chama umadziwika ndi fungo lake. Ukauphika ku Chipata kapena ku Lusaka, a khomo loyandikana nalo amadziwa okha kuti kwanu lero kuli mpunga. Ogula amayamika mbewu, ena amayamika nthaka ya m'chigwa cha Luangwa, koma ndi ochepa amene amafunsa kuti nthaka imeneyo akuisamala ndani kuti izibalabe mpunga chaka ndi chaka. Mpunga wambiri wa kumeneko suthiriridwa ndi makina. Umadalira mvula ndi madambo, malo otsika a makande akuda amene amasunga madzi osaya mvula ikakhazikika. Madzi osayawo ndiwo amabereketsa mpunga, ndipo ndi omwewo amene amachititsa kuti dambo lisachedwe kuwonongeka. Malo amene madzi ake amalekeza m'mawondo safuna mchenga wa zaka zambiri kuti akwiririke.

Kambombo, m'boma la Chama, ndi dera la mfumu yaikulu ya Asenga, kumene kumachitikira mwambo wa Kwenje mwezi wa Okutobala. Boma la Chama linali m'chigawo cha kum'mawa, linapita ku Muchinga chigawocho chitakhazikitsidwa mu 2011, ndipo linabwerera kum'mawa mu 2021. Madzi ake amachokera kumitunda, ina ya kumalire ndi Malawi kufupi ndi Vwaza, n'kutsikira ku Luangwa, mtsinje umene umayambira kumapiri a Mafinga n'kukathira mu Zambezi. Pakati pa mitunda ndi mtsinjewo pali minda ya chimanga, thonje, mtedza ndi mapira, ndipo kunsi kwa minda imeneyi ndi kumene kuli madambo. Dothi lililonse limene khasu latakasa kumtunda, mvula ikalipeza poyera, ulendo wake ndi wa kumeneko.

Alipo alimi, amuna ndi akazi, amene amadziwa kutchinga dambo kuti lisakwiririke, ndipo ine ntchito yawo ndimaiona kuti ndi luso lenileni, lofuna maso akuthwa, manja odziwa khasu ndi mtima wotha kudikira zaka. Umawazindikira ndi mmene mizere yawo yakhotera motsata chitunda, ndi udzu umene ausiya pakati pa munda ndi dambo, komanso ndi mtundu wa madzi amene amatuluka m'munda mwawo ikagwa mvula yamphamvu.

Lusoli limayamba ndi kusiyanitsa zimene madzi anyamula, pakuti si dothi lonse lobwera ndi madzi limene limawononga. Tunga madzi ofiira a mvula yoyamba m'botolo, uwakhutchumule, uliike pansi. Mchenga umakhazikika usanamalize kuwerenga mpaka 60. Dothi losalala, lija lotereka pakati pa zala, limatenga maola. Dongo lenileni limatha masiku likuyandama, madzi ali mbuu. Mlimi wa mpunga sadana ndi kadothi kosalala kamene madzi osefukira amasiya pang'onopang'ono, chifukwa chigwa chonse cha Luangwa chinayalidwa ndi dothi lotere ndipo chonde chake chimachokera pamenepo. Chimene amaopa ndi mchenga wa m'zigwembe ndi dothi lofiira la pansi, lobwera lambiri nthawi imodzi. Mchenga ukayala pa makande, pamalopo pamakwera, madzi amapalambalala, pamauma msanga, mpunga umachita chikasu, ndipo udzu wa kumtunda umalowa. Tsono popeza mchenga ndiwo umayamba kukhala pansi madzi akachepetsa liwiro, ntchito yonse yagona pa kuwachedwetsa asanafike m'dambo. Madzi akangochedwa pang'ono amatula mchengawo kumtunda, n'kulowa m'dambo atapepuka.

Kukokoloka kwa nthaka kumapusitsa chifukwa mwini munda sakuona. Kafukufuku wa bungwe la FAO ndi anzake anapeza kuti ku Malawi, kutsidya kwa malire, hekitala imodzi inataya pafupifupi matani 29 a dothi m'chaka cha 2014, tikatengera dziko lonse. Matani 29 ukawamwaza pa hekitala amangokhuthala mamilimita 2 kapena kuposera pang'ono, ndipo palibe amene angazindikire kuti munda watsika. Koma dambo limalandira madzi a minda yambiri. Mahekitala 10 otaya dothi chotero akamatsanulira m'dambo la hekitala imodzi, muyenera kuunjikana masentimita 2 pachaka, dothi lonselo likanati lizifika. Ku America, ku North Dakota ndi madera oyandikana nako, kuli timadambo tambirimbiri tosaya pakati pa minda ya tirigu, mmene abakha akutchire amaswera. Mu 2003 Robert Gleason ndi anzake anasindikiza zimene anapeza atakwirira dothi la m'madambo amenewo ndi matope okhuthala theka la sentimita chabe: njere zomera zinachepa ndi 91.7 peresenti, ndipo tizilombo ta m'madzi toswa m'mazira tinachepa ndi 99.7 peresenti. Dambo la ku Kambombo ndi losiyana ndi la ku Dakota, koma nalonso moyo wake limausunga m'kadothi ka pamwamba, mmene mumagona njere za mlulu ndi udzu, ndi mazira a tizilombo timene achule ndi tinsomba timadya madzi akabwera.

Waluso amauphunzira munda wake mvula ikugwa. Anzake akathawira pakhonde, iye amafunda thumba la feteleza kumutu, khasu paphewa, n'kumatsata madzi. Amayang'ana pamene timifuleni tiwiri takumana, pamene mzere wagumuka, pamene madzi asiya kukhala ambuu n'kusanduka ofiira. Pamalo aliwonse otere amakhomapo kamtengo, chifukwa pofika Seputembala nthaka itauma sipadzaonekanso. Mvula ikakata amatsikira kumphepete kwa dambo kukaona timilu ta mchenga timene madzi atula polowera. Kamulu kalikonse kali ndi kwawo, ndipo akakatsata chokwera amakafika pamene vuto layambira: njira ya kuchitsime, ngalande ya msewu, kapena malire a minda iwiri amene aliyense amayesa kuti ndi a mnzake. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo mlimiyu mwambiwu amautenga mmene ulili. Pamene madzi adutsa chaka chino adzadutsanso chaka chamawa, njira itakula.

Chida chake choyezera sagula kusitolo. Ndi mitengo itatu yomangidwa mwa chilembo cha A, imene alangizi amaitcha A-felemu: miyendo iwiri ya mamita ngati 2, wina wopingasa pakati, ndi chingwe cholendewera kuchokera pamwamba chomangidwa mwala kumapeto. Chimene chimandigwira mtima ndi mmene amachikonzera kuti chizinena zoona. Amachiimika pansi n'kulemba pa mtengo wopingasawo pamene chingwe chaima. Kenako amachitembenuza, mwendo wa kumanja uponde ndendende pamene panali wa kumanzere, n'kulembanso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo ndi pamene chingwe chimaima miyendo yonse ikakhala pa msinkhu umodzi. Kaya pamene anayesera panali popendekeka, kaya mitengoyo ndi yokhota, chizindikiro chachitatucho sichinama. Akatero amauyamba munda kuchokera kumtunda. Mmodzi amagwira chidacho, mwendo umodzi uli pachikhomo, winawo akuusuntha chokwera kapena chotsika mpaka chingwe chigwere pa chizindikiro. Mnzake amakhoma chikhomo chatsopano, ndipo chidacho chimatembenuka n'kupita patsogolo. Mphepo ya Okutobala ikamagwedeza chingwe amaima kaye, kuugwira mwala, kuusiya pang'onopang'ono.

Zikhomo zikatha, mzere wake, umene umatchedwa kalozera, umaoneka wokhotakhota chifukwa chatsata chulu chilichonse ndi kadzenje kalikonse. Pamenepa m'pamene wophunzira amasiyana ndi katswiri. Wophunzira amaunda mzere motsata chikhomo chilichonse, ndipo m'ngodya zakuthwazo ndi mmene madzi amasonkhana n'kuboola. Katswiri amabwerera kumapeto kwa munda, amasinzinitsa diso limodzi, n'kuuza mnzake kuti chikhomo icho chikwere pang'ono, icho chitsike, mpaka mzere ukhote mosalala koma usataye msinkhu wake. Pamene mzere ukuwoloka kakhwawa amauunda wokwera ndi wonenepa kuposa kwina. Amasamala chotere chifukwa akudziwa kuti kalozera wolakwika ndi woopsa kuposa kusakhala naye. Mzere wopendekeka umasonkhanitsa madzi a munda wonse n'kuwatulutsira pamalo amodzi, ndipo mvula imodzi ya Januwale imakwanira kukumba chigwembe pamenepo n'kukhuthulira mchenga wonse m'dambo limene amati akulitchinjiriza.

Kalozera payekha ndi dothi basi, ndipo dothi limagumuka. Amalimba akadzalidwa udzu. Vetiva, amene alangizi a ku Zambia ndi ku Malawi amalimbikitsa, kwawo ndi ku India, ndipo anafalikira m'mayiko otentha banki yaikulu ya World Bank itayamba kumulimbikitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mizu yake imalowa pansi chowongoka mpaka mamita 3, osatambalala m'mbali kukalimbirana chakudya ndi chimanga. Mtundu wolimidwawu subala njere zomera, motero susanduka udzu wovuta m'munda, ndipo ukapsa ndi moto umaphukanso. Komabe ubwino wonsewu umadalira kadzalidwe. Phata amaligawa m'tizigawo ta mapesi awiri kapena atatu, masamba n'kuwadula kuti atsale masentimita 20, mizu masentimita 10. Amadzala mvula itakhazikika, motalikana masentimita 10 mpaka 15, kutanthauza kuti mpata wa chikhatho chimodzi, n'kupondera dothi ndi chidendene kuti madzi asazule. Pakatha masabata angapo amabwerera kudzapakiza pamene pafa. Kupakizako ambiri amakunyozera, chonsecho mpata umodzi m'mpanda wa vetiva umakoka madzi onse kuti adutse pamenepo ndi mphamvu. Mpanda ukatsekana, zimene zimatenga nyengo ziwiri kapena zitatu za mvula, madzi amafika, amaima, amadutsa m'mapesi mosefeka ngati ufa pa sefa, dothi n'kutsala kuseri. Chaka ndi chaka dothilo limakwera, vetiva nayenso amatulutsa mizu ina pamwamba n'kukwera nalo, mpaka munda umene unali wotsetsereka umakhala ndi masitepe. Kumene kulibe vetiva, nsenjere kapena mzere wa udzu wachilengedwe wosiyidwa dala umagwira ntchito yomweyo, kungoti nsenjere imafuna kuidula kawirikawiri chifukwa imalanda malo.

Pakati pa akalozera, nkhondo ndi ya dontho la mvula. Dontho likamenya nthaka yambulanda limaswa timibulu ta dothi, limatseka timabowo tolowera madzi, ndipo madzi amayamba kuthamanga pamwamba. Likagwera pa phesi la chimanga mphamvu yake imathera pomwepo. Choncho waluso sasesa munda wake. Amagoneka mapesi mopingasa chitunda, amaika ngonyeka m'makwawa a mizere kuti madzi aime m'timabokosi, kapena amakumba mayenje a gamphani, ulimi umene bungwe la Conservation Farming Unit lakhala likuphunzitsa mu Zambia kuyambira 1996: timaenje tokumbidwa chilimwe pamalo omwewo chaka ndi chaka, pafupifupi 15,800 pa hekitala, munda wonsewo osautembenuza. M'chigwa ng'ombe ndi zochepa chifukwa cha kashembe, motero amene amatha mapesi ndi chiswe ndi moto. Chiswe sichidandaulitsa, chifukwa chimalowetsa mapesiwo m'nthaka. Moto ndiwo umasiya munda poyera. Lupsa la osaka mbewa likadutsa mu Seputembala kapena Okutobala, mvula yoyamba imapeza phulusa ndi fumbi, ndipo imeneyo ndi mvula imene imanyamula dothi lambiri. Munda wa thonje ndi wovuta koposa, poti mitengo yake imayenera kuzulidwa ndi kutenthedwa kuti tizilombo tisagonere. Wosamala amaiunjika pamodzi n'kuitentha pa mulu, osayatsa munda wonse, ndipo amalambula njira yotchinga moto kuzungulira udzu wa m'mphepete mwa dambo udakali wauwisi.

Mchenga wambiri, komabe, umatsika ndi njira. Njira ya kuchitsime ndi ya kudimba zimatsika molunjika chifukwa munthu wosenza ndowa safuna zozungulira. Mapazi amalimbitsa nthaka, udzu umatha, njira imasanduka ngalande, ngalande n'kusanduka chigwembe. Waluso amaunda timitumbira topingasa njira, totsika moti njinga n'kudutsa, kuti madzi azipatukira m'udzu asanasonkhane. Chigwembe chikakumbika kale, amachiyambira kumutu. Amapatutsa madzi amene akugweramo, amagumula khoma lakumutulo kuti likhale lotsetsereka, n'kudzalapo udzu. Kenako amamanga timipanda m'kati mwake. Amakhoma mizere iwiri ya zikhomo, pakati pake n'kupanikizamo nthambi ndi mapesi, kapena kuyala miyala ngati ilipo. Kampanda kabwino kamalowa m'makoma a chigwembe mbali zonse ziwiri kuti madzi asakazembe m'mbali. Pakati pake pamakhala potsika kuti madzi adumphire pamenepo, ndipo kunsi kwake amayalako miyala kapena nthambi kuti madzi ogwawo asakumbe dzenje n'kugwetsa mpanda. Kamakhala kafupi, kolekeza m'mawondo, chifukwa timipanda tambiri tating'ono timapirira pamene chimpanda chimodzi chachitali chikanakokoloka. Amatiika motalikana kotero kuti pamwamba pa kakumunsi palingane ndi tsinde la kakumtunda. Zikhomo zikakhala za mtengo wophuka, monga gliricidia, mpandawo umamera, ndipo pofika nthawi imene nthambi zoumazo zaola, mizu imakhala itagwira kale mchenga umene watsakamira.

Tsopano tifike pa malo amene amayesa mtima wa mlimi, mphepete mwa dambo penipeni. Nthaka ya pamenepa ndi yabwino kuposa ina yonse. Ndi yakuda, imasunga chinyezi, madzi ali pafupi, ndipo tomato, mpiru kapena chimanga chachiwisi cha m'chilimwe zimachita bwino kwambiri pomwepa. Waluso amaisiya osalima. Amasiya lamba wa udzu kuzungulira dambo, ndipo kukula kwa lambayo sayeza ndi chingwe chimodzi ponseponse. Pamene mtunda uli wotsetsereka kwambiri, kapena pamene akudziwa kuti madzi a minda ingapo amalowera, amasiya wotambalala. Pamene pali pathyathyathya amachepetsako. Amadziwanso chinthu chimene munthu wongomva za lamba wa udzu sachidziwa: udzu umasefa madzi okhawo amene afika atamwazikana. Madzi obwera m'ngalande imodzi amagonetsa udzu n'kudutsa pamwamba pake ndi mchenga wawo wonse. Chinanso, pakapita zaka dothi limene udzu wagwira limapanga kamtumbira kumtunda kwa lambayo, ndipo madzi amayamba kuyenda motsata kamtumbirako mpaka apeze potsika n'kuboola. Ndiye chilimwe chilichonse amapita ndi khasu kukasalaza kamtumbirako, dothi lake n'kulibwezera m'munda, mmene linachokera.

Lambayu amamupatsa tsekera lofolerera nyumba, bango ndi mlulu wa mphasa, ndipo akamweta amasiya zitsa zazitali kuti mvula yoyamba ipeze chotchinga. Mitengo ya katope ndi mkuyu imene yamera yokha saidula. Bulugamu sadzala pafupi, poti amamwa madzi ambiri. Koma tisanamizane, lambayu ali ndi mtengo wake. Mumabisala mbalame zodya mpunga, makoswe ndi njoka, ndipo mizere ingapo ya tomato imene ikanalipira sukulu ya mwana imakhala kuti yapita. Mlimi amene amayang'ana nthaka yotere chaka ndi chaka, khasu lili m'manja, n'kuisiya, ine ndimamulemekeza kuposa amene anangomva pa msonkhano kuti kutero n'kwabwino.

M'kati mwa dambo, luso lake ndi kusafulumira kukumba. Ngalande yowongoka yodutsa pakati imachotsa madzi msanga ndipo chaka choyamba imaoneka yothandiza. Koma madzi othamanga m'ngalande amakumba pansi, kamathithi kamayamba kumunsi n'kumadya chokwera, ndipo chigwembe chikang'amba dambo pakati madzi a pansi amatsika, mbali zonse ziwiri n'kuuma. Dothi logumukalo limakakwirira dambo la kumunsi. N'chifukwa chake waluso amasiya udzu ndi bango pakati pamene madzi amayenda, ndipo m'munda wa mpunga amaunda timizere tofupika togawa madzi m'zipindazipinda, kuti aziyenda mwaulesi kuchoka m'chipinda china kulowa china. Chitsime cha kudimba amakumba cham'mbali, dothi lake osalisiya pamene madzi osefukira angalitenge.

Panali nthawi imene maboma ankaganiza kuti njira yosungira dambo ndi kuthamangitsamo mlimi. Ku Southern Rhodesia, malamulo a madzi a 1927 ndi a zachilengedwe a 1941 analetsa anthu kulima m'madambo. Ku Nyasaland, m'zaka za m'ma 1950, malamulo a malimidwe ankakakamiza anthu kuunda mizere ndi migula, okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo udani umene unabadwa pamenepo unathandiza kukoleza moto wa ndale za ufulu. Mizereyo payokha sinali yoipa, koma munthu wounda mzere poopa mesenjala sabwerera kukaukonza ukagumuka. Maganizo ena anayesedwa pakati pa 2006 ndi 2008 ku Simlemba m'boma la Kasungu ndi ku Mpika, kutsidya kwa Luangwa, pamene bungwe la Wetland Action ndi mabungwe ena anagwira ntchito ndi midzi yolima m'madambo. Kumeneko anthu analoledwa kulima, koma midzi inadziikira malamulo ake: kusiya pakati pa dambo ndi m'mphepete mwa mitsinje osalima, kusamala malo okumba zitsime, kuchepetsa mitengo ndi mbewu zomwa madzi ambiri, ndi kusamala mitunda imene imatsanulira m'dambo. Mfundo yawo yaikulu inali yomwe mlimi woyenda m'mvula uja amaidziwa kale, yakuti dambo ndi mtunda wake sizisiyanitsidwa.

Mfundo imeneyi ndi imene imachititsa kuti lusoli lisakhale la munthu mmodzi. Amene amataya dothi kawirikawiri si amene mpunga wake umakwiririka. Munda wa thonje wa kumtunda ungakhale wa apongozi, wa mlamu kapena wa mlendo amene a mfumu anamupatsa malo chaka chatha, ndipo mwini mpunga sangakalowemo ndi khasu. Ayenera kupita ndi ulemu, kukhala pansi, kufunsa za moyo, kenako n'kupempha kuti akaonere limodzi pamene madzi akudutsa. Ena amanyamula mapata a vetiva a m'munda mwawo n'kukapereka ulere, ena amadzipereka kukathandiza kuyeza kalozera. Zikakanika, nkhani imapita kwa nyakwawa, chifukwa nthaka ya kuno ili m'manja mwa mafumu. Zambia ili ndi ndondomeko ya boma yosamalira madambo ya 2018, ndipo mbali ina ya chigwa cha Luangwa inalembedwa mu 2007 pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar. Zimenezo n'zabwino, koma kadambo ka mahekitala awiri kuseri kwa mudzi kamasungidwa ndi mawu a nyakwawa onena kuti apa pasalimidwe, moto usayatsidwe mwezi uno, njerwa zisaumbidwe pamphepete.

Msika nawo wayamba kuthandizako. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003, limagula mpunga wa ku Chama n'kuugulitsa pa dzina la It's Wild!, ndipo limaphunzitsa alimi ake kupanga manyowa, kusatentha mapesi, kusatembenuza nthaka ndi kudzala gliricidia m'minda. Madera amene akusunga mapangano osamalira chilengedwe amalandira kenakake kowonjezera. Cholinga chake choyamba chinali chakuti anthu asiye kupha nyama zakutchire popeza apeza chakudya ndi ndalama m'munda, koma phesi lililonse losatenthedwa kumtunda limapindulitsanso dambo. Ndikanakonda ogula mpunga ena onse akanamafunsako za lamba wa udzu ndi za chigwembe monga mmene amafunsira za kuuma kwa mpunga pa sikelo, chifukwa pakali pano amene wasiya nthaka yake yabwino kuti dambo la mudzi wonse likhale ndi moyo amagulitsa thumba lake pa mtengo womwewo ndi amene analima mpaka m'madzi.

Phindu la ntchito yonseyi limaonekera chaka choipa. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa. Chaka chotere chimanga cha kumtunda chikauma, banja limathamangira kudimba, ndipo dimba limadalira madzi amene analowa pansi m'miyezi ya mvula. Madzi amene anaima kuseri kwa vetiva, m'ngonyeka ndi m'mayenje ndi omwewo amene amatulukira pang'onopang'ono m'mphepete mwa dambo mu Ogasiti ndi Seputembala. Dambo lokwiririka ndi mchenga kapena long'ambika ndi chigwembe limakhala litauma kale nthawi imeneyo.

Mpunga ukakololedwa ndipo makande ayamba kung'aluka, waluso amakumba kadzenje kolekeza m'chigongono pamalo awiri kapena atatu polowera madzi, n'kusalaza khoma lake ndi mpeni. Dothi lakuda ndi la dambo lenilenilo. Timizere toyera kapena tofiira topingasa m'katimo ndi mchenga wa zaka zimene madzi anapambana, ndipo wokhalitsa pamalopo amatha kuloza kuti uwu ndi wa chaka chimene anatsegula munda wa thonje, uwu ndi wa chaka chimene msewu unakonzedwa. Akapeza kuti pamwamba penipeni pali dothi lakuda lokhalokha, amakwirira dzenjelo n'kupita kukamweta tsekera. Akapeza mzere watsopano wokhuthala kuposa chala, amadziwa chigwembe chimene ayambire kutseka mvula isanagwe, zikhomo zimene ayenera kudula, ndi khomo limene akagogode madzulo ano.